Kuona maso a nkhono n'kudekha: phunziro la kambalame ka ku Thyolo

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ngwoona kwa aliyense wofuna kuona kambalame kamene akatswiri amakatcha Thyolo alethe. Anakalemba m'mabuku a sayansi koyamba m'chaka cha 1927, ndipo anakapatsa dzina la boma la Thyolo. Nkocheperako kwa pumbwa, kofiirira kumsana, koyera pakhosi, ndipo kamakhala pansi m'nkhalango zachinyontho za m'mapiri, monga ku Mulanje, ndi ku Namuli ndi Mabu m'dziko la Mozambique.

Kambalameka kamapeza chakudya mwanzeru. Linthumbu likamayenda pa masamba ofota, tizilombo timathawa m'malo mobisala, ndipo iko kamatsata pambuyo n'kumatola tothawato. Choncho wofuna kukaona amalawira m'mamawa, amafunafuna mzere wa linthumbu, n'kukhala phee chapatali. Waphokoso ndi wopupuluma amabwerako chimanjamanja.

Ena amati kuyang'ana mbalame ndi masewera a alendo onyamula magalasi oonera patali. Maganizo amenewa ngolakwika. Makolo ankadziwa mbalame yolondolera mlenje ku njuchi, ankadziwanso kulira kwa mbalame zolosera mvula. Nzeru imeneyi inabwera chifukwa chokhala chete m'thengo n'kumatchera khutu. Mlendo wabweretsa magalasi okha. Kudekhako n'kwa kuno komwe.

Chodandaulitsa n'chakuti nkhalango ya pa phiri la Thyolo, kumene dzinali linachokera, inathera ku nkhwangwa ndi makasu, kotero kuti kwatsala timagawo tochepa, makamaka m'minda ya tiyi. Mitengo ikapita, nthaka imauma. Nthaka ikauma, linthumbu limasamuka. Linthumbu likasamuka, kambalameka kamagona ndi njala. Phiri la Soche nalonso linali mudzi wake. Pamene namondwe wa Freddy anafika mu Marichi 2023, matope ndi miyala zinatsika paphiri lopanda mitengolo n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Nkhalango imene inkabisa kambalame ndi yomweyo imene inkagwira nthaka.

Palibe angatsutse kuti wodula mitengo nthawi zambiri amakhala akufuna pogwira, chifukwa njala ilibe manyazi. Koma thumba la makala limatha pa masabata ochepa, pamene mnyamata wodziwa mayina ndi malo a mbalame angathe kuperekeza alendo chaka ndi chaka, nkhalango ili chiimire, kasupe akutumphukabe.

M'mera mpoyamba. Mdzukulu amene lero wanyamula legeni aphunzitsidwe kuisiya kunyumba tsiku limodzi, akakhale pansi pa mtengo, awerenge mbalame zimene waona ndi kuzilemba m'kope. Aphunzitsi ndi agogo ali ndi udindo womutsogolera. Akazolowera kudekha kotere, sadzafulumira kukweza nkhwangwa pa mtengo umene waudziwa ndi alendo ake onse.