KUPIKULA MALO PA INTANETI: KODI PHINDU LILI PATI?

Gawo Loyamba: Kaikidwe ka Mitengo

Munthu aliyense wokulira ku Lungwena, kum'maŵa kwa nyanja ya Malaŵi, pa msewu wochokera ku Mangochi kudzera ku Malindi kumka kwa Makanjira, amawadziŵa bwino malonda a usipa. Wamalonda amalaŵirira kudooko, napikula ndowa yathunthu kwa asodzi, naigaŵa m'milu ing'onoing'ono yokagulitsa kumsika. Masiku ano achinyamata amene atsiriza Folomu 4, pamodzi ndi aphunzitsi ofuna kuwonjezera pa malipiro awo, akumva za malonda ena ofanana ndi ameneŵa, koma ochitikira pa intaneti. Pa Chingerezi amati reseller hosting.

Malondaŵa amayenda motere. Webusaiti iliyonse imasungidwa pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene siyenera kuzima usana ndi usiku. Kampani yokhala ndi maseva, kaya ili ku Johannesburg, ku London kapena ku America, imabwereketsa malo aakulu kwa munthu mmodzi pa mtengo wa pamwezi. Iyeyo amadula malowo m'zigawo, nabwereketsanso kwa sukulu, mabungwe ndi malo ogona alendo m'dzina la bizinesi yake. Sagula makina, samanga nyumba. Zofunika ndi laputopu, intaneti ndi khadi la kubanki lotha kulipira kunja. Mpake achinyamata kukopeka nawo.

Komabe pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Wausipa amagula ndi kwacha, nagulitsa ndi kwacha, ndipo dzuŵa likamaloŵa amakhala atadziŵa ngati wapindula. Wopikula malo pa intaneti kaŵirikaŵiri amagula ndi dola mwezi ndi mwezi, koma amagulitsa ndi kwacha, nthaŵi zambiri pa mtengo wa chaka chonse. Apa ndi pamene pagona nkhani.

M'mwezi wa Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inaichepetsanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Tsono nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mnyamata amalipira madola 30 pa mwezi, ndipo ali ndi ogula 10, aliyense wopereka K5,000 pa mwezi. Kwacha isanagwe, ankatolera K50,000, nalipira K35,400, natsala ndi K14,600. Kutangocha, madola 30 omwewo anasanduka K51,000. Phindu lonse linapita, ndipo anayamba kuwonjezera K1,000 ya m'thumba mwake. Ngati ogulawo anali atalipiriratu chaka chonse, analibe pokwezera mtengo mpaka chakacho chitatha.

Vuto lina ndi kusoŵa kwa ndalama zakunja kumene kwasautsa dziko lino m'zaka zimenezi. Munthu angathe kukhala ndi makwacha okwanira koma osapeza madola ku banki. Kampani ya kunja simva za madandaulo otere. Tsiku lolipira likapitirira, imatseka malo onse. Pamenepo mawebusaiti a ogula onse amazima limodzi, ndipo dzina la wogulitsa limaonongeka tsiku lomwelo.

Ndiponso mtengo wopikulira sukhazikika. Ogulitsa ambiri amayendetsa malo awo ndi pulogalamu yotchedwa cPanel. Mu 2019 eni ake anasintha kalipiritsidwe: m'malo mwa mtengo umodzi pa seva yonse, anayamba kulipiritsa poŵerenga kuchuluka kwa maakaunti. Makampani aakulu anakankhira mtolowo kwa opikula, ndipo amene anali atalonjeza ogula awo mitengo yotsikitsitsa anagwira njakata.

Palinso ndalama zina zimene woyamba kumene amaziiŵala poŵerengera. Pali bandulo ya intaneti, magetsi kapena sola, ulendo wa ku boma kukaonana ndi ogula, zimene banki imadula polipira kunja, zimene zimadulidwa potapa ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi misonkho ya ku MRA. Dzina la webusaiti nalo limalipiridwa palokha. Maina othera ndi .mw anaikidwa m'manja mwa bungwe la Malawi SDNP mu 2002, pamene othera ndi .com amagulidwa ndi dola. Koposa zonse pali nthaŵi: mphunzitsi amene foni yake ikulira pakati pa phunziro chifukwa imelo ya wogula yaleka kugwira ntchito, ayenera kudzifunsa kuti nthaŵiyo akulipira ndani.

Nanga ogula ali kuti? Kunena zoona, pa Lungwena penipeni ndi oŵerengeka. Wagolosale kapena wogulitsa nsomba amafikira anthu ake pa WhatsApp ndi Facebook popanda lendi ya pamwezi. Ofuna webusaiti ndi monga sukulu zapulaiveti, mabungwe othandiza anthu, ndi malo ogona alendo a tsidya lina la nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Koma ambiri mwa ameneŵa angathe kugula okha kunja pa mtengo wotsika. Chifukwa chake wopikula wamng'ono akafuna kupikisana ndi makampani aakulu potsitsa mtengo, akudzikumbira dzenje.

Chimene iye ali nacho, chimene kampani ya ku London ilibe, ndi kuyandikira. Amalankhula Chiyao ndi Chicheŵa, amalandira malipiro pa foni, ndipo angathe kufika yekha pa ofesi ya wogula. Angathe kumanga webusaitiyo, kuikapo zithunzi ndi zidziŵitso zatsopano, kukonza imelo ndi kusunga kope la zonse kuti zikaonongeka zibwezeretsedwe. Phindu lenileni lili mu ntchito zimenezi. Malo a pa seva ali ngati ndowa yonyamuliramo.

Motero woika mtengo mwanzeru amayamba waŵerengera zonse zotuluka pa mwezi, pamodzi ndi malipiro a nthaŵi yake, nagaŵa ndi chiŵerengero cha ogula amene ali nawo lero, osati amene akuwalota. Pamwamba pake amaikapo kena kodzitetezera kwacha ikagwa. Amalemba m'pangano kuti mtengo udzaunikidwanso dola ikakwera, ndipo akalandira ndalama za chaka chonse amafulumira kulipiriratu kunja chaka chomwecho, osati kudyeratu. Salonjeza malo opanda malire pamene iye anapikula malo okhala ndi malire. Dzina la webusaiti amalilembetsa m'dzina la mwini wake, pakuti kumanga wogula pomubisira dzina lake ndi njira yachidule yothera bizinesi.

Malondaŵa si oipa ayi, ndipo mpamba wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wogulira boti ndi chilimira. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wachinyamata wofuna kuyamba ayambe wapeza ogula atatu kapena anayi otsimikizika asanapikule kanthu, ndipo aphunzitsi a masamu angachite bwino kuŵerengetsa ophunzira awo chitsanzo cha madola 30 chija.

Gawo lachiŵiri lidzalongosola kalembedwe ka pangano pakati pa wogulitsa ndi wogula.