Njinga yagona chisanu chonse, nanga petulo wapita kuti?

June ndi July akangodutsa kuno ku Mzuzu, m'makomo ena ku Lupaso mumabuka mkangano umene umayamba ndi funso limodzi: ndani wapopa petulo mu njinga yamoto? Mwini wake anaiimika ili ndi malita atatu kapena anayi. Mwina anali ku Joni kokasaka, mwina kusukulu, mwina anangoiika pakona pothawa chifunga ndi mvula yowaza ya m'mawa imene imalowa mpaka m'mafupa. Akabwera, thanki yatsala pang'ono kuuma, ndipo njinga ikukana kulira. Woyamba kumuloza chala amakhala mng'ono wake, kapena mnyamata wa kabaza amene amaiyendetsa. Ndaonapo abale akusiya kupatsana moni pa nkhani yotere.

Akuba petulo alipo, sindikukana, makamaka m'nyengo zija mafuta amasowa anthu n'kumagona pamizere. Koma musanaitanitse bwalo, gwadani muyang'ane pansi pa injini. Nthawi zambiri wakuba amakhala kabuleta.

Pa njinga zimene zadzaza m'misewu yathu, za Lifo, King Lion, Boxer ndi zinzake, petulo amatsika yekha kuchoka mu thanki, kudutsa pa kampopi kolembedwa ON, OFF ndi RES, n'kukagwera mu kambale kamene kali kunsi kwa kabuleta. M'kambalemo muli kachoyandama kamene amakaniko amati float. Petulo akadzaza, kamakwera n'kukankha kasingano kamene kamatseka njira. Zimafanana ndi thanki ya chimbudzi cha madzi. Tsono njinga ikakhala milungu yambiri osalizidwa, petulo wa m'kambalemo amauma n'kusiya utomoni womata. Kasingano kaja kakamatira, kapena kadzimbiri ka mu thanki kakakhala pakamwa pake, njira simatsekeka. Ngati kampopi kanasiyidwa pa ON, petulo amangotsika usana ndi usiku, dontho ndi dontho, kutulukira pa kapaipi kamene kamalendewera kunsi. Pa simenti amauma osasiya chithaphwi. Pa dothi ndiye simuona n'komwe.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani lita imodzi, yalani katoni pansi pa injini, tsegulani kampopi, dikirani mphindi khumi. Katoni ikanyowa, onani kumene dontho likuchokera. Likachokera pa kapaipi ka kunsi kwa kabuleta, ndi kasingano. Gogodani kambale pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Nthawi zina kamamasuka pomwepo. Likachokera pa paipi yochoka ku thanki, ndiye kuti yang'ambika chifukwa chouma, ndipo imeneyo ndi yotsika mtengo, ingogulani ina.

Chimene chimandiopsa ine ndi pamene katoni yauma koma petulo akuthabe. Apa n'kutheka kuti sakugwera pansi, akulowera mkati mwa injini n'kukasakanikirana ndi oyilo. Tsegulani kotsekera oyilo munuse. Akamanunkha petulo, akakhala wopyapyala ngati madzi, kapena akadutsa pa mzere wake pamene inu simunawonjezere, musalize njingayo ngakhale kamodzi. Oyilo wosungunuka chotere sateteza zitsulo. Injini za 125 ndi 150 zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi. Kumusintha ndi ndalama, inde, koma yerekezani ndi mtengo wotsegula injini yonse.

Tsono nkhani ya madzi. Ambiri sadziwa kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, mowa wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Kampani ya Ethco ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuyambira 1982, ndipo ina ndi PressCane ya ku Chikwawa. Pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto. Vuto ndi lakuti ethanol amakoka chinyezi, ndipo chinyezi ku Mzuzu sitichita kugula. Thanki ikakhala ndi petulo wochepa, mbali yaikulu mumakhala mpweya. Usiku kukazizira, makoma a mkati amachita thukuta, madontho n'kumatsikira pansi. Pakapita nthawi madzi ndi ethanol zimakhazikika kunsi kwenikweni kwa thanki, kumene njinga imayambira kukoka mukaika pa RES. Dzimbiri limayambiranso pomwepo. Onjezerani petulo wa m'zigubu amene ambiri tinazolowera kugula m'mbali mwa msewu mafuta atasowa, amene simudziwa kuti wadutsa m'chiyani, ndiye mwaphika nsima ya mavuto.

Kuti mudziwe, pezani botolo loyera, lowonekera mkati komanso louma. Kunsi kwa kambale ka kabuleta kuli kasikuluwu kokhetsera. Kamasuleni pang'ono, petulo agwere m'botolomo, muliimike mphindi zingapo. Madzi amalemera, ndiye amakhala pansi, mzere wake n'kumaoneka bwinobwino. Petulo wokhalitsa amaderako ndipo fungo lake limakhala ngati la vanishi. Ameneyo musamuumirire. Ndikudziwa kuti ndi mmene mtengo ulili panopa, kutaya lita kumapweteka mumtima, koma kumubwezera mu thanki ndi kubwezera matenda.

Njinga ikalira, imvereni. Ikamalira pokhapokha mwatseka choki, mukangobweza n'kuzima, kapena ikamazima mukangosiya moto, pafupifupi nthawi zonse ndi jeti yaing'ono imene yatsekeka. Kabowo kake n'kakang'ono kuposa ka singano yosokera, ndipo utomoni uja umayambira kutseka kameneko. Ikamalira bwino itaima koma n'kumatsamwa mukakoka moto pokwera chitunda, yang'anani jeti yaikulu. Ikamayenda mphindi zingapo n'kuzima, mukadikira n'kuliranso, tsegulani chitsekero cha thanki. Mukamva kuti fyuu, ndiye kuti kabowo kolowetsa mpweya pa chitsekerocho katsekeka, petulo akulephera kutsika. Kabuleta alibe mlandu pamenepo.

Pulagi nayo imalankhula. Yakuda ngati mwaye, petulo akuchuluka. Yonyowa, injini yamira kapena moto sukufika. Yotuwa mbuu, petulo akuchepa. Yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Musaiwale kutsegula bokosi la sefa ya mpweya. Njinga ikagona pafupi ndi matumba a chimanga, makoswe amasamukira m'menemo ndi katundu wawo yense.

Pali kanthu kena ka kuno kwathu. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene Nkhata Bay ili kunyanja, pansi pa mamita 500. Kumtunda mpweya umapepuka. Njinga imene makaniko anaichuna kunyanja ikhoza kumadetsa pulagi pang'ono ikakwera kuno. Si matenda aakulu, koma ngati munaigula kumeneko, muuzeni makaniko wanu.

Pa za amakaniko, ndili ndi maganizo anga. Alipo aluso kwambiri mu mzinda muno, amene amangomva kulira kwa injini n'kukuuzani vuto. Koma wina akangoyang'ana njinga yogona n'kunena kuti "bwana, kabuleta yatha, gulani ina", asanamasule ngakhale kambale, ine ndimakayika. Kabuleta siitha chifukwa chogona. Imada. Imene inabwera ndi njinga kawirikawiri imaposa zotchipa za pa kauntala, zimene majeti ake mwina sagwirizana n'komwe ndi injini yanu. Muuzeni mwaulemu kuti, achimwene, tiyambe tatsuka kaye. Ndipo khalani pomwepo muone.

Ngati mukufuna kutsuka nokha, foni muli nayo m'manja: jambulani chilichonse musanamasule, kuti pobwezera musasokoneze mapaipi. Gulani mankhwala opopera otsukira kabuleta mu shopu ya masipeyala. Chotsani majeti, muwapopere, muyang'ane pa dzuwa ngati kuwala kukudutsa. Musatokose ndi singano kapena waya wachitsulo. Majeti ndi a chitsulo chofewa, mukakuza bowo njinga idzamwa petulo ngati chidakwa mpaka kalekale, ndipo pa kabaza ndiye phindu lonse lapita. Kasikuluwu ka m'mbali kochunira mpweya, ngati mukukachotsa, yambani mwakamanga mofatsa mpaka kaime, mukuwerenga kuti mwazungulitsa kangati, mulembe. Pobwezera mudzakabweza chimodzimodzi.

Zonsezi chitirani panja. Ambiri ku Lupaso njinga imagona pabalaza poopa akuba, ndipo m'nyengo yozizira mbaula imalowanso m'nyumba momwemo. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, imakwawa pansi, ndipo siifuna kuti mbaula ikhale pafupi kwenikweni kuti moto ubuke. Njinga imene ikudontha isagone m'nyumba yomwe muli makala oyaka, kandulo kapena ana.

Ulendo wina mukamaiimika kwa nthawi, tsekani kampopi injini ikulira, muisiye mpaka izime yokha, kenako mukhetse zotsalira pa kasikuluwu ka kunsi kaja. Ngati mukuchoka kwa mwezi umodzi, thanki yodzaza imachita thukuta pang'ono kuposa ya theka. Ngati ndi ulendo wa ku Joni wosadziwika tsiku lobwerera, khuthulani yense, petuloyo mupatse mng'ono wanu ayendere, ndipo chotsani waya wa batire. Ngati kunyumba kuli munthu womukhulupirira, aziiyendetsa kamodzi pa sabata mpaka injini itenthe, ngakhale kungofika pa Luwinga n'kubwerera. Kuiliza mphindi ziwiri itaima pakhonde sikokwanira.