Kuzengereza kutseka mipata ya pakompyuta n'kuitana mbava

Mlimi akagulitsa soya nalandira ndalama zake pafoni, kapena mphunzitsi akamafola pa ATM mwezi ukatha, saganizako za makompyuta omwe akuyendetsa ndalamazo. Chomwe amadziwa n'choti chuma chake chili m'manja mwa banki kapena kampani. Koma chumacho chimakhala chotetezeka pokhapokha eni makompyutawo akamafulumira kutseka mipata yomwe imapezeka m'mapulogalamu awo.

Masiku ano mabanki ndi makampani akuluakulu ambiri padziko lonse amayendetsa mapulogalamu awo m'njira yomwe akatswiri amaitcha makontena. Awa si makontena achitsulo omwe anthu amagulitsiramo katundu pamsika ayi. Ndi timaphukusi tomwe pulogalamu imakutidwamo pamodzi ndi zonse zomwe imafuna kuti igwire ntchito. Njirayi idatchuka kuchokera mu 2013 pomwe pulogalamu ya Docker idatuluka. Mu 2014 kampani ya Google idatulutsa Kubernetes, yomwe imayang'anira makontena ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kampani ya Red Hat imagulitsa OpenShift kwa mabungwe akuluakulu pa ntchito yomweyo.

Makontenawa ali ngati nyumba za lendi za mdadada. Aliyense ali ndi chipinda chake ndi loko wake, koma denga ndi limodzi. Wakuba akapeza polowera kudenga, maloko onse aja amasanduka opanda ntchito.

Izi si nthano. Mu February 2019 kudapezeka mpata m'kapulogalamu kotchedwa runc, komwe Docker ndi Kubernetes amadalira poyambitsa makontena. Mpatawo umalola munthu woipa yemwe walowa m'kontena imodzi kutulukamo n'kulanda kompyuta yonse, pamodzi ndi makontena ena onse okhalamo. Mu January 2024 mpata wina wofanana nawo udapezekanso m'kapulogalamu komweko. Maulendo onse awiri, eni pulogalamuyo adatulutsa chigamba chotsekera mpatawo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Chigamba chikatuluka, vutolo limalengezedwa poyera, ndipo mbava za pa intaneti nazo zimawerenga chilengezo chomwecho. Kuchokera tsiku limenelo umakhala mpikisano pakati pa wotseka ndi woboola. Kampani yomwe yalandira chigamba koma sidachiike ili ngati munthu yemwe wagula loko watsopano n'kumusunga m'thumba, chitseko chili pululu.

Chitsanzo chowawa chidachitika ku America mu 2017. Kampani ya Equifax, yomwe imasunga mbiri ya ngongole za anthu, imagwiritsa ntchito pulogalamu ya Apache Struts. Chigamba cha mpata wa m'pulogalamuyo chidatuluka mu March, koma sichidaikidwe pamalo pomwe chimafunika. Mbava zidalowa mu May, ndipo kampaniyo idazindikira kumapeto kwa July. Pomwe imadzidzimuka n'kuti mbiri za anthu pafupifupi 147 miliyoni zitabedwa kale. Mu 2019 kampaniyo idavomera kulipira ndalama zosachepera $575 miliyoni. Ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Chaka chomwecho cha 2017, mu May, pulogalamu yolanda makompyuta ya WannaCry idasokoneza zipatala za boma ku Britain mpaka odwala ena kubwezedwa. Kampani ya Microsoft idali itatulutsa chigamba chake miyezi iwiri m'mbuyomo.

Pa makontena ntchitoyi ili ndi kachitidwe kakekake. Kontena iliyonse imapangidwa kuchokera ku chinthu chonga chikombole cha njerwa. Chikombole chikakhala chong'aluka, njerwa zonse zimatuluka zong'aluka. Kumata njerwa imodzi n'kutaya nthawi chifukwa mawa chikombole chomwecho chiumbanso ina yoipa. Chofunika n'kukonza chikombolecho, kuumba makontena atsopano, n'kutaya akale onse. Mu December 2021, mpata utapezeka m'kapulogalamu ka Log4j, makampani ambiri adavutika chifukwa samadziwa n'komwe kuti kapulogalamuko kadabisala m'zikombole zingati. Yemwe sadziwa zomwe zili m'nkhokwe mwake sangadziwe chomwe chafumbwa.

N'zoona kuti kuika chigamba kuli ndi zovuta zake. Nthawi zina chimasokoneza mapulogalamu ena, ndipo ntchito imayenera kuima kwa maola angapo. Palibe bwana yemwe amakondwa makasitomala akamadandaula kuti netiweki yavuta. Koma mankhwala a vutoli n'kuyesa chigambacho pambali kaye, kusankha nthawi ya usiku, ndi kudziwitsa anthu nthawi isadakwane. Kudandaula kwa maola awiri sikungafanane ndi kulira kwa miyezi. Chinanso, ubwino wina wa Kubernetes ndi woti makontena angathe kusinthidwa pang'onopang'ono ntchito ili mkati, kotero chowiringula chimachepa.

Amalawi adaona kale mmene zimawawira makompyuta a bungwe lalikulu akagwa. Mu February 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena adalowerera makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo amafuna dipo. Kwa masabata angapo ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera idaima. Omwe adamva kuwawa adali ochita malonda, ophunzira ndi odwala ofuna chithandizo kunja.

Choncho nkhani ya zigamba isasiyidwe m'manja mwa anyamata ndi atsikana a ku ofesi ya makompyuta okha. Akuluakulu a kampani ndiwo amagawa ndalama, amalemba antchito komanso amavomereza kuti ntchito iime. Iwowa ayenera kufunsa mwezi ndi mwezi kuti ndi mipata ingati yomwe ikudziwika, yakhala masiku angati, ndipo ndani akuyenera kuitseka. Mpata woopsa uzikhala ndi tsiku lomaliza, lowerengedwa m'masiku osati miyezi.

Nawo mabungwe oyang'anira, monga Reserve Bank of Malawi ndi Macra, ali ndi udindo wofunsa mafunso omwewa kwa mabanki ndi makampani a mafoni, osadikira ngozi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo, koma lamulo palokha silitseka mpata.

Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Mponela kapena Luchenza sangaike chigamba pa makompyuta a banki. Mbali yake ndi kusunga nambala yake yachinsinsi ndi kulola foni yake kulandira zosintha zikabwera. Zotsalazo ndi za omwe adawakhulupirira n'kuwasungitsa thukuta lake. Iwo asadikire kuti mbava ziwakumbutse ntchito yawo.