Posintha seva, makiyi akale amatsala m'manja mwa ndani?

Pa 12 January 2027 kampani ya Microsoft idzaleka kutumiza zokhwimitsira chitetezo cha pulogalamu ya Windows Server 2016. Inzake ya 2012 anaitaya kale pa 10 October 2023. Choncho ofesi iliyonse imene ikudalirabe mapulogalamuwa, kaya ndi ku Capital Hill kaya pa boma la Dedza, posachedwa ifunika kupempha ndalama zogulira seva yatsopano. Kugulako sikovuta kwenikweni. Povuta ndi pa zimene zimasamutsidwa kuchoka m'makina akale.

M'maofesi aakulu mumakhala seva imene akatswiri amaitchula kuti domain controller. Imeneyi imasunga kaundula wa ogwira ntchito onse, mapasiwedi awo ndi malire a zomwe aliyense angatsegule. Ikafa, kalaliki amavutika kufikira mafayilo a ofesi ngakhale kompyuta yake ili bwinobwino. Poisintha, amisiri amalumikiza yatsopano pambali pa yakale, kaundula yense amakoperedwa, kenako yakaleyo imapumitsidwa. Apa ndi pamene pagona nkhani: makina amakopera chilichonse osafunsa. Dzina la wopuma pantchito, la womwalira, la wosamutsidwa, ngakhalenso la mmisiri wa kampani amene anabwera tsiku limodzi kalekale, onsewa amalowa m'nyumba yatsopano makiyi ali m'manja.

Amalawi tinaona kale zotsatira za kulekerera makiyi otere. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, akauniuni a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa April ndi September, ndipo zina mwa zolembedwa m'makina oyendetsera chuma cha boma a IFMIS zinafufutidwa ndi anthu amene anali ndi mwayi wolowamo. Boma linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS yatsopano ya SAP mu 2020, koma makina atsopano paokha sadziwa kuti uyu wabwereka pasiwedi ya mnzake.

Nkhani ya mapasipoti inaonetsa mbali ina. Boma linathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain mu December 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza ziphaso inaima. Pa 21 February chaka chomwecho, Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere analanda makinawo ndipo ankafuna dipo. Mabungwe ena anatsutsa, ponena kuti vuto linali kudalira kwambiri kampani yakunja. Wonena zoona akhale uyu kapena uyo, chodziwika n'chakuti nthambi ya boma inakhala masabata ambiri osatha kutsegula makina ake omwe. Ovutika anali anthu wamba, kuphatikizapo achinyamata ndi amalonda amene amadutsira pa chipata cha Dedza kulowera ku Tete mpaka ku Johannesburg.

N'chifukwa chake makhansala ndi akuluakulu ovomereza bajeti asamakhutire ndi mtengo komanso dzina la kampani yogulitsa. Afunse kuti pasiwedi yaikulu idzakhala ndi wogwira ntchito m'boma uti mmisiri akapita, maina akale afufutidwa liti, nanga kope la kaundula likusungidwa kuti. Malo osungira uthenga a National Data Centre, omwe anatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, akhoza kuthandiza pa funso lomalizali ngati makhonsolo apatsidwa danga.

Kusunga kope kutali si nkhani yamasewera. Mu June 2017 kachilombo ka pakompyuta ka NotPetya kanafafaniza ma domain controller pafupifupi 150 a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk. Imodzi yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa magetsi anali atazima kachilomboko kasanafike, ndipo kampaniyo inamangiranso kaundula wake pa imeneyo. Kuzimazima kwa magetsi ndiye kwathu kuno sitisowa, koma palibe mlembi wa unduna kapena DC amene angakaime pamaso pa komiti ya PAC n'kunena kuti ndondomeko yake yotetezera uthenga wa boma inali imeneyo.