Tisataye Buku Chifukwa cha Tabuleti

Kwa zaka zingapo tsopano pakhala pakumveka mawu m'maofesi ena ndi pakati pa anthu ophunzira akuti nthawi ya buku losindikizidwa papepala yatha, ndi kuti ndalama zogulira mabuku a m'sukulu ndi a m'nyumba zowerengeramo nzongotaya, popeza posachedwa mwana aliyense azidzawerengera pa tabuleti kapena pa foni. Eni mawuwa amawanena monyadira, ngati anthu amene aona kutali. Ife tikuti mawu amenewa ngolakwika, ndipo adzakhala oopsa tsiku limene adzachoke pakamwa nkulowa m'ndondomeko ya chuma cha Boma.

Tiyambe ndi kwa eni ake makinawo. M'chaka cha 2007 kampani ya Amazon ya ku America inatulutsa kachipangizo kowerengerapo mabuku kotchedwa Kindle, ndipo pofika mu 2011 inalengeza kuti ikugulitsa mabuku ambiri a pa makina kuposa a papepala. Nthawi imeneyo kunabuka aneneri ochuluka amene analosera kuti makina osindikizira achita dzimbiri posachedwa. Ulosiwo sunapherezeke. Malonda a mabuku a pa makina anakwera kwa kanthawi kenaka nkuima, ndipo ku America komweko amabweretsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a ndalama zimene osindikiza mabuku amapeza. M'chaka cha 2021 anthu a dziko limenelo anagula mabuku a papepala oposa 800 miliyoni. Dziko la Sweden, limene linathamangira kuika makina m'manja mwa ana ang'onoang'ono, linabwerera m'mbuyo mu 2023 ndi kupatula ndalama zambiri zogulira mabuku osindikizidwa. Tsono ngati wophika yemwe wayamba kukayika ndiwo zake, mlendo akhuthuliranji mbale yonse pa nsima?

Palinso china chimene ogulitsa sakonda kuchitchula. Munthu akalipira buku la pa makina, kawirikawiri sakhala atagula bukulo ayi, koma chilolezo chowerengera basi. Sangaligulitse, ndipo nthawi zambiri sangalibwereketse kwa mnzake kapena kulisiyira mwana wake. Mu 2009 kampani yomweyo ya Amazon inafufuta mabuku a George Orwell m'makina a anthu amene anali atalipira kale, eni makinawo osadziwa kanthu, chifukwa cha mkangano wa umwini wa mabukuwo. Ndalama anabwezeredwa, inde, komatu aliyense anaona kuti kiyi wa nkhokwe ali m'thumba mwa wina. Makolo athu ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tili ndi chifukwa chapadera chosaiwalira mtengo wa buku. Pa Mvera, pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga misyoni mu 1889, ndi pa Kongwe, imene inatsegulidwa mu 1894, mpamene ambiri mwa agogo athu anayamba kuona chinenero chawo chitagona papepala. Buku Lopatulika, lomasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray amene anakhala zaka zambiri pa Mvera, linatuluka mu 1922, ndipo papita zaka zoposa 100 likuwerengedwabe, mwina lothothoka chikuto, mwina losokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, koma losafuna batire. Mphunzitsi Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho ndi kusindikizidwa mu 1933, analembanso Mbiri ya Achewa, ndiponso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya pa Chibanzi m'boma lomwe lino la Dowa. Mabuku amenewa ndiwo anaonetsa atsamunda kuti munthu wakuda ali ndi mbiri yake ndipo angathe kuilemba yekha. Pamene Chichewa chinakwezedwa mu 1968 kukhala chinenero cha dziko, chinali kale ndi nkhokwe yake.

Kodi lero mwana wa ku Chibanzi angalipeze kuti buku la Msyamboza? Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa boma pa Ntchisi pali misika yodzaza ndi mafoni, matchaja ndi kaunjika, koma wofuna buku la nthano la Chichewa ayenera kukonza ulendo wa ku Lilongwe, ndipo nkomweko angabwere chimanjamanja. Chitsekedwere Malawi Book Service m'zaka za m'ma 1990, palibe chimene chinalowa m'malo mwake kumidzi. Choncho amene akuti buku likufa m'Malawi chifukwa cha intaneti akunamizira mlendo mlandu wa pakhomo. Buku lathu silikudwala chifukwa cha makina. Likudwala chifukwa sitikulisindikiza, sitikuligula, ndiponso sitikulifikitsa kwa anthu.

Pafupi nafe pompa, ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata William Kamkwamba anasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. M'kanyumba kowerengeramo ka pa sukulu ya pulayimale anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo poyang'anitsitsa zithunzi zake anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mudzi wake unalibe magetsi; buku ndilo linabweretsa magetsiwo. Likadakhala lofuna kutchaja, nkhani yonse ikadathera pomwepo.

Wina asatimve molakwa. Sitikudana ndi makina, ndipo mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ntchito ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 yopereka matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, njoyenera kuthandizidwa ndi mtsogoleri aliyense, pakuti m'kalasi la ana zana limodzi mphunzitsi mmodzi sangamve kuwerenga kwa mwana aliyense. Tikukumbukanso moto umene unapsereza nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu mu December 2015, mabuku zikwi makumi angapo nkusanduka phulusa usiku umodzi. Pepala limapsa, limadyedwa ndi chiswe, ndipo zolembedwa zakale za dziko lino ziyenera kujambulidwa ndi kusungidwanso m'makompyuta. Koma tabuleti ya pa sukulu imatsekeredwa m'kabati belu likalira. Mwana akafika kwao ku Kasakula kapena kwa Chiwere, awerenga chiyani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi magetsi a ESCOM, ndipo ochuluka mwa iwo anali a m'tauni.

Tsopano tifike pa nkhani ya chikumbumtima, imene anzathu a maiko a Azungu amakonda kutiphunzitsa. Iwo amati kuwerengera pa makina kumapulumutsa mitengo. Chabwino. Koma nkhalango ya Ntchisi sinachepe chifukwa cha mabuku; yachepa chifukwa cha nkhuni, makala ndi minda, ndipo mitengo yambiri ya Chigawo cha Pakati yathera m'zigafa za fodya amene amakasutidwa kutsidya kwa nyanja. Ndipo makinawo samera okha ngati bowa. Batire la foni ndi tabuleti limafuna mwala wa cobalt, umene pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 amakumbidwa ku Congo. Mu 2016 bungwe la Amnesty International linaulula kuti m'migodi ina ya kumeneko mumagwira ntchito ana. Kale mu 2001 akatswiri a United Nations anali atanena kuti malonda a miyala monga coltan, imene imalowa m'mafoni, akusonkhezera nkhondo ya kum'mawa kwa dzikolo. Ife a ku Dowa sitifunika kuwerenga malipoti kuti tidziwe zotsatira za nkhondo imeneyo. Pa Dzaleka, pamene panatsegulidwa msasa wa othawa kwao mu 1994, pali anthu oposa 50,000, ndipo ambiri mwa iwo ngochokera ku Congo. Munthu wa ku London amene amasintha foni zaka ziwiri zilizonse sanawaonepo anthu amenewa. Ife timakumana nawo pamsika.

Makinawo akatha ntchito amapita kuti? Mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za makina, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo. Zina mwa zotsalazo zimakwera sitima kubwera ku Africa zitavala dzina la mphatso. Tinaona kale mmene kaunjika anagwetsera atelala ndi mafakitale athu a nsalu. Tisalole kuti sukulu zathu zisanduke dzala la makompyuta otopa amene eni ake akusowa kotayira.

Chovuta chenicheni cha buku m'Malawi ndi mtengo wa pepala. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa kuyambira mu 1964 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya zopangira mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Mpaka lero pepala losindikizira timaitanitsa kunja, kotero kuti pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, buku lililonse linakwera mtengo nthawi yomweyo. Komatu tabuleti nayonso imagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo, ndipo ikasweka galasi kapena kufa batire imafuna zinanso.

Chotero tikupempha akuluakulu a Unduna wa Zamaphunziro, a makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, ndi onse ogwira ntchito m'Boma amene amagwira cholembera pa nthawi yogawa ndalama, kuti mzere wa mabuku osindikizidwa usachepetsedwe ponamizira makina. Wopereka matabuleti, kaya ndi wogulitsa kaya ndi wothandiza, alembe m'pangano kuti adzawakonza ndani, ndipo akafa adzawatenga ndani. Zolembedwa za Chichewa zimene zalipiridwa ndi msonkho wa Amalawi zikhale za Amalawi, zoti Boma lingathe kuzisindikizanso popanda kupempha chilolezo kunja. Mabuku a Ntara ndi a alembi anzake asindikizidwenso pa mtengo woti mlimi wa mtedza angaukwanitse, ndipo a National Library Service apatsidwe galimoto ndi mafuta oti mabokosi a mabuku afike m'sukulu za kumapiri.

Inunso apampando a Chipani a m'nthambi ndi m'madera, pamsonkhano wotsatira wa komiti ya sukulu ya kwanu funsani mphunzitsi wamkulu kuti m'Sitandade 3 muli ana angati ndipo mabuku a Chichewa alimo angati. Yankho lake mulilembe ndi kulitumiza ku ofesi ya maphunziro ya pa boma sukulu zisanatsekere.