Laputopu ya ku Joni ikayaka, tisathamangire kulipira

Anzathu a geni ya malaputopu, tichenjezane. Ogulitsa ena ku Joni amati, "Inangopsa mbali ya chaja, takonza, onani yayaka." Ife tinagulapo atatu otere. Titafika ku Blantyre, awiri anayamba kuonetsa mizeremizere pa sikirini. Mpamba, ya basi ndi msonkho wa pa Mwanza, zonse zinalowa m'madzi.

Nkhani ili apa: MOSFET ikapsa, nthawi zina moto wa 19V umadutsa mpaka kukavulaza purosesa. M'malaputopu ambiri graphics imakhala m'kati mwa purosesa momwemo, ndipo purosesayo ndi yowotcherera pa bodi. Ikawonongeka, ndiye kugula bodi ina.

Tisanatulutse marandi, tilumikize HDMI ku TV, tiike kanema kwa mphindi 30 kuti makina atenthe. Pa TV pakaoneka bwino, vuto ndi sikirini kapena chingwe chake, zimenezo n'zokonzeka. Mizere ikaoneka konsekonse, tiyese RAM ina, poti graphics yotereyi imabwereka RAM. Ikapitirirabe, tiisiye.

Wogulitsa akakana kuti tiyese, pali chomwe akubisa. Ndalama ndi yathu, abale.