Sanadye Chibanzi, Mwanayo Watopa!

Pitani pa bwalo lililonse ku Mangochi, ku Makawa kapena ku Monkey Bay mwezi wa Okutobala, mpira utatsala pang'ono kutha. Mnyamata amene poyamba paja amagawa mpira mwaluso tsopano akupatsira adani. Goloboyi watuluka pamene samayenera kutuluka. Ndiye mumve ochemerera: ati wadya chibanzi, ena ati pagolo atsirikapo. Bodza lamkunkhuniza! Mwanayo watopa basi.

Wosewera amathamanga makilomita pafupifupi 10 m'mphindi 90. Shuga wosungidwa m'minofu amatha, thukuta nalo limachotsa madzi ndi mchere m'thupi. Munthu wolemera makilogalamu 70 akataya lita imodzi ndi theka osamwa kanthu, mphamvu zimayamba kuthawa. Ndipo kutopa sikuthera m'miyendo mokha ayi. Wotopa saadzutsanso mutu kuti aone mnzake ali pati, amachedwa kusankha chochita, ndipo akati alande mpira amapeza mwendo wa mnzake, kadi yofiira n'kutuluka. Mumadabwiranji kuti zigoli zimachuluka kumapeto?

Nanga anyamata athuwa amafika bwanji pa bwalo? Ena achezera pa nyanja kukoka chilimira cha usipa. Akwera lole ya matola, m'mimba muli mandasi awiri. Mwezi wa Ramadan ambiri amakhala akusala, osalawa ngakhale dontho la madzi. Komabe akuluakulu, ali pa mthunzi ndi botolo lozizira m'manja, amaliza wezulo dzuwa likuswa mtengo. Pa mabonanza a andale ndiye zoopsa: timu imodzi kusewera kawiri tsiku limodzi kuti bwana apereke chikho kusanade.

Kunjaku anazindikira kale. Mu 2014 ku Fortaleza, Brazil, masewero a Netherlands ndi Mexico anaimitsidwa kuti osewera amwe madzi. Chikho cha dziko lonse cha ku Qatar mu 2022 anachisunthira ku Novembala pothawa kutentha. Ku England mu 2021 anaimitsa mpira kuti Wesley Fofana wa Leicester amasule kusala. Amenewo ndi akatswiri odya bwino, oyenda ndi madokotala. Kodi mwana wa msodzi wa ku Malombe ndiye wachitsulo?

A FAM ndi makomiti a m'maboma, izi sizifuna ndalama za thandizo. M'miyezi yotentha mpira wa kunyanja uziyamba dzuwa litapendeka, kapena m'mawa. Chigawo chilichonse chiziimitsidwa kuti osewera amwe madzi. Ndipo wandale wofuna bonanza auzidwe poyera kuti timu isewera kamodzi patsiku; akakana, anyamule chikho chakecho abwerere nacho kwawo.